Ndidaphunzira za kompyuta, koma foni yanu sindingaikonze



Nthawi iliyonse ndikafika kwathu ku Angónia, tsiku loyamba limakhala la malonje, lachiwiri la mafoni. Anthu amayamba kufika dzuwa lisanakwere, wina foni ili m'kajumbo, wina waimanga ndi mphira kuti batire isagwe. Ulendo wapitawu adayamba ndi atsibweni anga. Adakhala pansi, nkufunsa za ku Tete kumene ndimagwira ntchito, nkudandaula za mvula, kenako nkutulutsa foni yosweka galasi imene idagwera m'chitsime cha kudimba.

"Mphwanga, taiona iyi."

Ndidaitembenuza uku ndi uku mwaulemu chabe, ndikudziwa kale kuti palibe chimene ndichitepo. Nditawauza kuti zokonza mafoni ine sindizidziwa, adandiyang'ana nthawi yaitali.

"Nanga zaka zonse zija ku Maputo unkaphunzira chiyani? Si paja amati za kompyuta?"

Funso limeneli ndalimva kambirimbiri ndipo silindikwiyitsa, chifukwa inenso tsiku limene ndinkalembetsa maphunziro a Engenharia Informática ndinkaganiza ngati iwowo. Ndafuna ndiliyankhe pano popeza ena mwa inu muli ndi ana, kunyumba kapena m'kalasi, amene akuti akamaliza kalasi 12 akufuna "za kompyuta", ndipo mwina mwayamba kale kuyang'ana chimene mungagulitse kuti apite. Kwathu chidagulitsidwa ndi ng'ombe.

Kompyuta ndidaikhudza koyamba ndili kalasi 10. Kusukulu phunziro lake linkachitikira pa bolodi: aphunzitsi ankajambula kiyibodi ndi choko, ife nkukopera m'makope. Sindikuwanena, adachita zimene akadatha. Koma ku Ulónguè kudali kashopu kena kotayipa makalata ndi kupanga fotokope, ndipo mwini wake ankandilola kukhala pa makina Loweruka masana. Ndidaphunzira kutayipa mwachangu. Anthu obwera kudzalembetsa makalata ofunsira ntchito ankati, "Mwana uyu ndi katswiri wa kompyuta." Ndidawakhulupirira.

Mayeso olowera ku yunivesite adali a masamu ndi fizikisi. Padalibe funso limodzi lokhudza kiyibodi. Apo ndiye pamene ndikadayenera kudzifunsa, koma sindidatero. Ndidasonkhanitsa mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, nkuwaloweza monga momwe ndinkachitira chiyambire kalasi 1, ndipo ndidakhoza, ngakhale movutikira.

Abambo adali ndi ng'ombe ziwiri zapangolo. Ndi zimene zinkatuta chimanga kumunda ndi kupititsa mbatata ya kachewere kumsika. Aliyense wa kwathu akudziwa kuti ngolo siyenda ndi ng'ombe imodzi. Adagulitsa imodzi, yofiira ija tinkaitcha Bantomu, ndipo ndalama yake idagula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, tikiti ya basi ndi lendi ya miyezi yoyamba. Sadalankhule zambiri. Adangoti, "Ukafika utiuze."

Kuchokera ku Tete kukafika ku Maputo ndi makilomita oposa 1,500. Udutsa Changara, Catandica, Chimoio, ukhota pa Inchope kulowa msewu wa kummwera, uwoloka mtsinje wa Save, ndipo ukafika Xai-Xai miyendo imakhala si yako. Njira yonseyo laputopu ndidaikumbatira pachifuwa ngati khanda.

Mlungu woyamba ndidaima pa khoma pamene adamata ndandanda ya maphunziro, nkuwerenga kawiri. Análise Matemática. Álgebra Linear. Física. Matemática Discreta. Phunziro lokhala ndi fungo la kompyuta lidali limodzi lokha, la kulemba mapulogalamu, ndipo ngakhale limenelo mayeso ake tinkalemba ndi cholembera papepala. Ndidafunsa mnyamata amene adaima pafupi nane ngati sindidasokere pa khoma la anthu ena. Adaseka. Iye adakulira mu mzindamo, adayamba kulemba mapulogalamu ali ndi zaka 14, ndipo chimene ine ndinkanyadira, kutayipa mwachangu, kwa iye chidali ngati kudziwa kugwira supuni.

Kwa amene simudziwa mmene zimayendera: mamakisi ndi a 0 mpaka 20, ngati kusekondale. Mayeso ang'onoang'ono a m'kati mwa semesita amaphatikizidwa. Ukapeza 14 kapena kuposa, kumene ndinkaphunzirako ankakumasula, mayeso omaliza sulemba. Ukapeza pakati pa 10 ndi 13 umalemba. Ukalephera kufika 10, pambali pa dzina lako pamalembedwa mawu amodzi, excluído, ndipo m'chipinda cha mayeso sulowamo n'komwe. Mwezi wa June chaka choyamba, pa Análise Matemática, pambali pa dzina langa padali 7 ndi mawu amenewo. Phunziro la mapulogalamu ndidadutsa ndi 10, ndipo mpaka lero ndimakayika ngati adali wanga yense.

Kunyumba sindidanene. Abambo ankaimba Lamlungu madzulo, mphindi ziwiri kapena zitatu chifukwa cha mayunitsi. "Sukulu ikuyenda?" Ine, "Ikuyenda bwino, abambo." Ndidanena choncho miyezi isanu ndi umodzi. Phunziro lachiwiri la masamu sakadandilola kulitenga ndisanakhoze loyamba, choncho ndinkadziwa kale kuti chaka chimodzi chawonjezekera pa maphunziro anga, ndi lendi yake ndi chakudya chake. Usiku ndikatsegula laputopu ija sindinkaona kompyuta, ndinkaona Bantomu.

Vuto silidali Chipwitikizi chokha, ngakhale ndinkakonda kuchinamizira. Vuto lidali kaphunziridwe kanga. Zaka khumi ndi ziwiri ndidakhala mwana wanzeru chifukwa ndinkatha kubwezera aphunzitsi zimene andipatsa. Akalemba chitsanzo pa bolodi, ndinkachisunga m'mutu, pa mayeso nkungosintha manambala. Palibe amene adandifunsapo kuti, "N'chifukwa chiyani wachita chonchi osati chonchi?" ndipo ine sindidadzifunsepo. Ku yunivesite funso lililonse lidali lachilendo. Ndipo kompyuta ndi yoipa kuposa mphunzitsi aliyense pa nkhani imeneyi. Mphunzitsi akaona yankho lako losokonekera amatha kuganiza kuti, mwanayu amafuna kunena zakuti, nkukupatsa theka. Kompyuta siganizira munthu. Imachita ndendende zimene wailembera, ngakhale zikhale zopusa, ndipo ngati iwe mwini sukudziwa bwino chimene ukufuna, imakuonetsa poyera nthawi yomweyo.

Ndidabwerera kumudzi mu December. Ndidapeza kuti abambo amabwereka ng'ombe ya aneba kuti aphatikize ndi yotsala ija, nkumalipira ndi chimanga. Masiku amene aneba akuifuna yawo, amayi ndi mlongo wanga ankasenza pamutu. Palibe amene adandiuza zimenezi modandaula. Ndidangoziona.

Lamlungu lina titachoka kutchalitchi, abambo adali pansi pa mtengo wa mango akusewera ntchuwa ndi anzawo. Ndidakhala pambali chifukwa ndidalibe kopita. Masewerawa mukuwadziwa: mizere inayi ya maenje okumba pansi, aliyense mizere yake iwiri. Yawo idali ya maenje asanu ndi atatu pa mzere, kutanthauza maenje 16 mbali iliyonse. Utola timiyala tonse ta m'dzenje limodzi, nkumaponya kamodzikamodzi m'maenje otsatira, kuzungulira mizere yako. Kamwala komaliza kakagwera m'dzenje loti muli kale tina, utola tonse nkupitiriza. Kakagwera m'dzenje lopanda kanthu, ulendo wako wathera pomwepo, wadya kapena wagona.

Abambo sukulu adalekera kalasi 4. Koma ndidawaona akuyang'ana maenje aja osakhudza kanthu, milomo ikugwedezeka pang'ono, kenako nkuuza mnzawoyo kuti, "Ndikatola apa, ndikudyera apo." Adatola, nkuzungulira, nkutolanso, nkuzungulira kachitatu, ndipo kamwala komaliza kadagwera pamene adaloza.

Ndidamva thupi lonse kuzizira. Chinthu chimene chidandizunza miyezi yonse ija, chimene m'chinenero cha C amachilemba ndi mawu akuti while ndi if, chidali pansi apo m'dothi. Bwereza kuponya malinga ngati m'dzanja mudakali timiyala. Tikatha, yang'ana dzenje: ngati mudali kanthu, tola uyambirenso, ngati mudalibe, ima. Abambo ankayendetsa pulogalamu yonseyo m'mutu, dzanja lisanasunthe. Ine ndinkaloweza maonekedwe a while, pamene pakhala chizindikiro chakuti ndi pamene pakhala chakuti, osamvetsa kuti ndi kuzungulira chabe kokhala ndi lamulo loimira.

Usiku umenewo ndidayatsa laputopu ndi batire yotsala, nkuyamba kulemba ntchuwa m'chinenero cha C. Idali pulogalamu yoyamba imene palibe adandituma. Idakana. Nthawi zina inkatulutsa manambala achilendo, nthawi zina inkangofa nkulemba Segmentation fault. Ndidapita kukatchajitsa kumsika, nkubwerera, nkuyesanso. Tsiku lachitatu ndidakumba maenje anga kuseri kwa nkhokwe, nkumaponya timiyala ndikutsatira mzere uliwonse wa zimene ndidalemba. Ndipo ndidachigwira. Munthu akafika dzenje lomaliza, dzanja limakhota lokha kubwerera ku loyamba. Kompyuta sindidaiuze zokhota. Inkapitirira kukaponya m'dzenje la 17, la 18, la 19, maenje oti kulibe, kumene ndi kulemba m'malo osungira zinthu zina. Komanso m'chinenero cha C kuwerenga kumayambira pa 0, choncho maenje 16 ndi 0 mpaka 15, ine ndinkawerenga 1 mpaka 16. Mankhwala ake adali m'phunziro la Matemática Discreta limene ndinkagona nalo m'kalasi: gawa ndi 16, usunge chotsala. Ukachoka pa dzenje 13 ndi timiyala 6, 13 ndi 6 ndi 19, chotsala ukachotsa 16 ndi 3. Komaliza kagwera pa 3. Abambo amachita masamu amenewa Lamlungu lililonse, dzina lake lokha ndi limene sadziwa.

Ndidawaonetsa. Tidakumba maenje, iwo nkuika timiyala mmene afunira, ine nkulowetsa manambala. Makina adati kagwera apa, iwo adati kagwera apa. Tidayesa kasanu, kasanu konse adagwirizana. Adaseka, nkunena kuti ndiye kuti makinawo ali ndi nzeru. Ndidati ayi, alibe, ndangowauza zimene inu mumachita. Ndipo pomwepo, mwina chifukwa adali akuseka, ndidawauza za 7 uja, ndi za chaka chowonjezera, ndi kuti Lamlungu lililonse ndinkawanamiza.

Adakhala chete akutolera timiyala m'dzanja limodzi. Ndikadakonda akadakalipa.

"Phunziro walepheralo, chaka chamawa likhalapo?"

"Likhalapo, abambo."

"Ndiye ukalilembenso. Koma bodza lija usadzabwereze. Amayi ako ukawauze wekha, ine sindikunenera."

Kuuza amayi kudali kovuta kuposa Análise Matemática. Iwo ndiwo ankasenza.

Nditabwerera ku Maputo ndidalowa m'kagulu ka anthu anayi owerengera limodzi. Amene ankatitsogolera adali mtsikana wa ku Nampula, mmodzi mwa atsikana ochepa kwambiri m'kalasi mwathu, ndipo adali woposa tonse. Lamulo lake lidali limodzi: usanalembe chilichonse, fotokoza ndi pakamwa chimene ukufuna kuchita ndi chifukwa chake, ngati ukuuza agogo ako. Ukayamba kubwereza mawu a m'buku ankakudula. Iye ankati chinthu chikamukanika amayamba wadzifotokozera mu Emakhuwa. Ine ndidazindikira kuti ndikalephera kuchinena m'Chichewa, ndiye kuti sindidachimve, ndangosunga mawu ake a Chipwitikizi. Análise Matemática ndidakhoza ndi 12. Si zonyadira, koma 12 ameneyo adali wanga.

Tsopano ndiyankhe funso la atsibweni: tinkaphunzira chiyani?

Tinkaphunzira mmene chinthu chosadziwa kanthu chingachitire ntchito yooneka ngati ya nzeru. M'kati mwa kompyuta kapena foni mulibe zilembo, mulibe zithunzi, mulibe nyimbo. Muli timaswitchi tambirimbiri, tosaoneka ndi maso, timene timangodziwa zinthu ziwiri: magetsi akudutsa kapena sakudutsa, 1 kapena 0. Mukaika timaswitchi 8 pamodzi, mungathe kusunga nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 255. Anthu adagwirizana kuti 65 aziimira chilembo A, 66 chilembo B, ndi kupitirira choncho. Mu 1854, George Boole wa ku England adasindikiza buku loonetsa kuti mawu ngati "ndi", "kapena" ndi "ayi" angathe kuwerengedwa ngati masamu. Iye sadaonepo kompyuta. Mu 1937 wophunzira wina wa ku America, Claude Shannon, adaonetsa kuti masamu a Boole angathe kumangidwa ndi maswitchi a magetsi. Kompyuta iliyonse lero yaima pamenepo.

Tsiku limene ndimalikumbuka koposa ndi la mu labu, chaka chachiwiri. Adatipatsa timatchipi tiwiri takuda tokhala ndi timiyendo ngati bongololo, 7408 ndi 7486, timawaya, ndi timababu tiwiri tating'ono. Tidalumikiza mmene tidajambulira papepala. Nditayatsa switchi imodzi, kababu ka kumanja kadayaka: 1. Nditayatsa zonse ziwiri, ka kumanja kadazima, ka kumanzere nkuyaka: 10, imene m'kawerengedwe ka makina ndi 2. Timawaya tija tidaphatikiza 1 ndi 1. Palibe amene adatiphunzitsa masamu, tidangolumikizidwa mwa njira yoti sitingachitire mwina. Ndidazimitsa ndi kuyatsa mwina kakhumi, anzanga akundiseka.

Kuchokera pamenepo maphunziro amakwera ngati makwerero: mmene purosesa imawerengera malangizo, mmene pulogalamu yaikulu yoyang'anira makina imagawira nthawi kwa timapulogalamu tina, mmene uthenga umadulidwira m'tizidutswa nkuyenda pa intaneti nkukalumikizidwanso kumene ukupita. Pamenepo ndi pamene ndidamva kuti intaneti idalowa m'dziko lathu kudzera ku Centro de Informática ya Universidade Eduardo Mondlane kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo kuti malo omwewo ndi amene adapatsidwa udindo wosunga dzina la .mz.

Chimene chidandikoka mtima kwambiri ndi phunziro la njira zothetsera mavuto, ma algorithm. Mawuwa adachokera ku dzina la al-Khwarizmi, katswiri wa masamu amene ankagwira ntchito ku Baghdad m'zaka za m'ma 800. Aphunzitsi, ganizani za pauta yomatidwa pa khoma, maina 1,000 osanjidwa motsata zilembo. Mwana wina amayamba pamwamba nkumatsika ndi chala dzina ndi dzina. Akakhala ndi tsoka awerenga maina onse 1,000. Wina amayang'ana pakati, nkuona ngati dzina lake lili kumtunda kapena kumunsi, nkutaya theka, nkuyang'ananso pakati pa chotsalacho. Ameneyu sapitirira kuyang'ana ka 10. Maina akakhala 1,000,000, ka 20 kokha. Ana onse awiri ali ndi maso ofanana ndi pauta yofanana. Kusiyana kwawo ndi njira, ndipo ntchito ya injiniya ndi kupeza njira yachiwiriyo ndi kutsimikiza kuti siphonya dzina, ngakhale likhale loyamba kapena lomaliza. Pa kutsimikizapo ndi pamene masamu aja amabwerera.

Ngakhale potumiza ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola pali funso la m'kalasi mwathu. Ndalama iyenera kuchoka kwa inu ndi kulowa kwa mnzanu. Nanga netiweki ikaduka pakati pa ziwirizo? Makina ayenera kumangidwa moti zichitike zonse ziwiri kapena pasachitike chilichonse. Tidakhala milungu ingapo pa nkhani imeneyi yokha.

Za zinenero ndinenepo pang'ono, popeza pano ndi pamalo pake. Aphunzitsi ankaphunzitsa m'Chipwitikizi, koma makina amayankha m'Chingerezi. Mawu a m'zinenero zolembera mapulogalamu, kaya C, Java kapena Python, ndi a Chingerezi, mabuku abwino ambiri ndi a Chingerezi, ndipo pulogalamu ikakana imakudandaulira m'Chingerezi. Ine Chingerezi changa chambiri ndidachiphunzira ku madandaulo amenewo. Mwana amene akufuna njira imeneyi asachitaye Chingerezi kusekondale poganiza kuti n'cha anthu a ku Malawi.

Ndipo tsiku lina dzina la kwathu lidandiphunzitsa kanthu. Ndidapanga kapulogalamu kosunga maina a malo, ndipo Ulónguè idatuluka ili UlÃ³nguÃ¨. Ndinkaganiza kuti laputopu yayamba kufa. Chifukwa chake n'chakuti mndandanda woyamba wa zilembo za makompyuta, ASCII, wa m'zaka za m'ma 1960, udali ndi malo 128 okha, okwanira Chingerezi basi. Zilembo zokhala ndi zizindikiro pamwamba zidadzapeza malo pambuyo pake, ndipo m'kalembedwe ka UTF-8 kamene intaneti imagwiritsa ntchito kwambiri lero, chilembo ngati ó chimatenga malo awiri. Pulogalamu yanga inkawerenga malo awiriwo ngati zilembo ziwiri zosiyana. Chilembo ŵ chimene ena amalemba m'chinenero chathu chilinso momwemo, ndipo chimathandizidwa n'chakuti anthu a ku Wales nawonso amachilemba. Kuyambira tsiku limenelo, pulogalamu iliyonse imene ndapanga ndimaiyesa ndi dzina la kwathu ndisanaipereke.

Makolo amandifunsa kuti, "Mwana wanga sachoka pa foni, amadziwa zonse za mmenemo, kodi si ameneyu wa za kompyuta?" Mwina, koma foniyo si umboni. Mapulogalamu a pa foni adapangidwa dala kuti aliyense awathe, ndipo anthu ngati ine timalipidwa kuti akhale osavuta. Ine ndikadayang'ana kwina. Mwana amene samu ikamukanika sakhazikika mpaka ataona pamene adalakwitsa, amene amakutopetsani ndi "chifukwa chiyani", amene angathe kukhala ola lathunthu pa chinthu chimodzi chokana, ameneyo ndiye ndingamuganizire, kaya ndi mnyamata kaya ndi mtsikana, kaya kompyuta sadaikhudzepo. Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku, gawo lalikulu, ndi kufunafuna pamene ndalakwitsa ine mwini. Amene sapirira zimenezo adzavutika, ngakhale atakhala ndi laputopu yodula. Ndipo kunena zoona laputopu yodula siyofunika. Yanga ija, ya batire yosatha maola awiri, idandifikitsa kumapeto. Chimene muyenera kuwerengera ndi lendi, chakudya, chapa ya tsiku ndi tsiku, ndi chaka chimodzi choposa zimene zalembedwa pa pepala. Ambiri mwa amene tidayamba nawo sadamalize pa nthawi yake, ndipo ena sadamalize n'komwe.

Kwa inu aphunzitsi a makalasi oyambirira ndili ndi pempho limodzi lokha, ndipo silifuna magetsi. Mwana akapereka yankho lolondola, musathamangire kuchonga. Mufunseni wafika bwanji pamenepo, afotokoze ndi mawu ake, m'chinenero chimene mawuwo angatuluke. Akalakwa, mufunseninso chimodzimodzi, apeze yekha pamene njira yake idakhotera. Ndikudziwa kuti ndi ana 60 kapena kuposa m'kalasi imodzi zimenezi n'zosavuta kunena kuposa kuchita. Ngakhale mwana mmodzi pa tsiku. Ine ndidafunsidwa funso limenelo koyamba ndili ndi zaka 20, ku Maputo, ndi mnzanga wa m'kalasi, ng'ombe itapita kale.

Ndidamaliza mochedwa ndi chaka chimodzi. Ntchito sindidaipeze msanga. Miyezi ingapo ndinkaika mapulogalamu m'makompyuta a anthu ndi kulumikiza mawaya m'maofesi, ntchito imene sinkafuna Análise Matemática ngakhale pang'ono. Tsopano ndimapanga ndi kusamalira mapulogalamu osungira maina, malipiro ndi katundu pa kampani ina. Malipiro anga atayamba kukhazikika ndidasunga kwa miyezi ingapo, nkutumizira abambo ndalama, nkuwauza momveka kuti ndi ya ng'ombe. Adagula feteleza ndi malata. Nditafunsa adati aneba aja adazolowerana nawo kale, ndipo denga ndi limene linkadontha. Ngolo mpaka lero ikuyenda ndi ng'ombe yobwereka.

Foni ya atsibweni ndidaitenga. Mawa lake ndidakwera njinga kupita nayo kumsika, kwa mnyamata wina amene ali ndi kabenchi pansi pa lona, ali ndi kachitsulo kowotcherera ndi kabokosi kodzaza mafoni akufa. Sukulu adalekera kalasi 9. Adaitsegula, nkuipukuta ndi kaburashi koviika mu sipiriti, nkuloza pamene madzi adadya, nkusintha kachidutswa kamodzi kochokera m'foni ina. Ndidaima pambali ndikuyang'ana zala zake, ndipo ndidamufunsa mafunso ambiri kuposa amene iye adandifunsa. Patatha ola limodzi idayaka. Galasi lokha adati tidikire, libwera kuchokera ku Tete.

Madzulo ndidakaipereka. Atsibweni adaiyatsa, nkuimbira mwana wawo wa ku Beira kuti ayese ngati mawu akumveka. Ndidawauza kawiri konse kuti wakonza ndi mnyamata wa kumsika uja. Adagwedeza mutu ngati amva. M'mawa kutacha ndidapeza anthu atatu pakhonde, aliyense ndi kajumbo kake.